Kusankha kamera imodzi yojambulira nyenyezi ndi zinthu zothamanga

Ntchito ziwirizi zimakokera kosiyana. Pojambula nyenyezi kamera imakhala phee pa tripod, choimikira cha miyendo itatu, shata, chitseko cholowetsa kuwala m'kamera, ili yotsegula kwa masekondi 15 kapena 20, ikutolera kuwala kochepetsetsa komwe maso sakukuona n'komwe. Pojambula wosewera akudumphira mpira wa kona, kapena nkhwazi ikutsika kudzatsomphola nsomba pamadzi, shata imangophethira kwa 1/1000 kapena 1/2000 ya sekondi, ndipo kamera iyenera kudzipezera yokha fokasi pa chinthu chomwe sichikuima. Ambiri ndalama zimawakwanira kamera imodzi yokha, ndiye nkhani yagona pa kusankha.

Yambani ndi mfundo iyi. Bodi, kutanthauza kamera yokha yopanda lenzi, isankheni poganizira zothamanga. Nyenyezi muzigulire lenzi yabwino. Pafupifupi kamera iliyonse ya sensa yaikulu yomwe yatuluka kuyambira cha m'ma 2014 imajambula mlalang'amba bwino ikapatsidwa lenzi yolowetsa kuwala kwambiri. Koma bodi ikakhala yaulesi pa autofocus, kudzipezera yokha fokasi kuja, palibe lenzi yomwe ingaipulumutse pabwalo la mpira.

Choyamba: tchulani chenicheni chomwe mukufuna kujambula

Kunena kuti "nyenyezi" sikukwanira. Pali kujambula mlalang'amba pamwamba pa phiri, mtengo wa mlambe kapena nyanja, komwe kumafuna lenzi yoona motambalala ndi tripod basi. Pali kujambula zinthu zazing'ono zakutali monga mtambo wa Orion Nebula kapena wa Carina Nebula, komwe kumafuna lenzi ya 135mm kupita m'tsogolo ndi kamakina kozungulitsa kamera motsatira thambo, kotchedwa tracker. Mapulaneti monga Jupiter ndi Saturn ndi nkhani ina. Amafuna telesikopu ndi kamera yakeyake, choncho musawawerengere posankha.

Zothamanga nazo zili m'magulu. Mpira wamasana pa Bingu National Stadium kapena pabwalo la sukulu uli ndi dzuwa lokwanira, moti kamera yapakatikati imakwanitsa. Mpira wausiku, ntchemberembaye ya m'holo ndi nkhonya zimafuna kamera yopirira mdima chimodzimodzi nyenyezi. Mbalame zouluka zimafuna lenzi yaitali ndi autofocus yakuthwa kuposa zonsezi. Lembani ziwiri zomwe muzijambula kawirikawiri, chimodzi cha usiku, china cha masana. Chilichonse chomwe wogulitsa angakuuzeni muzichiyesa ndi ziwirizo.

Chachiwiri: kukula kwa sensa

Sensa ndi kachipangizo kolandira kuwala kuseri kwa lenzi. Ya full frame ndi 36 x 24mm. Ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 x 15.6mm pa Nikon, Sony ndi Fujifilm, ndipo pa Canon ndi 22.3 x 14.9mm. Ya Micro Four Thirds ndi 17.3 x 13mm. Mukawerengera malo ake, full frame imaposa APS-C kawiri ndi pang'ono, ndipo imaposa Micro Four Thirds pafupifupi kanayi. Malo aakulu amatolera kuwala kochuluka, ndipo kuwala kukachuluka timadontho tonga mchenga tomwe timaipitsa zithunzi za mumdima, tomwe ojambula amatitcha noise, timachepa. ISO ndi nambala yomwe mumakweza kuti chithunzi chiwale mumdima, ndipo ikakwera noise imaonekera kwambiri. Chithunzi cha ISO 6400 pa full frame chimaoneka choyera mofanana ndi cha ISO 3200 pa APS-C ya m'badwo womwewo.

Komabe sensa yaing'ono ili ndi phindu lake masana. Poti imaona chigawo chapakati chokha, lenzi ya 300mm pa APS-C imaona ngati ya 450mm, kapena 480mm pa Canon. Bwalo la mpira ndi lalitali mamita 105, ndipo mukaima kuseri kwa golo, kuyandikitsa kumeneku mumakupeza osalipira lenzi yaikulu. Ndiye ngati mbalame ndi mpira wamasana ndizo zambiri, APS-C siyolakwika. Ngati usiku ndi m'holo ndizo zambiri, limbikirani full frame.

Pa megapixel, kutanthauza mamiliyoni a timadontho (ma pixel) topanga chithunzi, musatengeke. Pakati pa 20 ndi 26 ndi pomwe ntchito ziwirizi zimakumana bwino. Kamera ya 45 kapena 61 siyoipa mumdima monga ena amanenera, koma mafailo ake ndi aakulu, amadzaza khadi msanga, amalemetsa kompyuta, ndipo imaonetsa msanga kuti nyenyezi zasuntha. Kuchuluka kwa ma pixel kumathandiza makamaka wa mbalame, yemwe amadula chithunzi kuti mbalame ioneke pafupi.

Chachitatu: autofocus, liwiro ndi shata

Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa ndalama za bodi zimapita pamenepa.

Nambala yomwe imalembedwa mokuza pa katoni ndi ya zithunzi zomwe kamera imajambula pa sekondi. Pa mpira, 8 mpaka 10 n'zokwanira. Pa mbalame, 15 kapena 20 zimakupatsani mapiko ali pamalo abwino. Koma zithunzi 30 pa sekondi zopanda fokasi ndi ntchito yofufuta chabe. Funsani ngati liwiro lolembedwalo limatheka kamera ikutsatira fokasi pa chithunzi chilichonse, chifukwa makamera ena amafika pa liwiro lapamwambalo pokhapokha fokasi itamangidwa pa chithunzi choyamba. Njira yotsatira fokasiyi imatchedwa AF-C pa Nikon, Sony ndi Fujifilm, ndipo pa Canon ndi AI Servo kapena Servo AF.

Onaninso mmene timalo topezera fokasi tafalikira. Pa makamera a DSLR, okhala ndi kalilole m'kati, timaunjikana pakati. Canon EOS 6D ya mu 2012 ili nato 11 tokha, ndipo imajambula zithunzi 4.5 pa sekondi. Ojambula nyenyezi amaikonda mpaka lero chifukwa sensa yake ndi yoyera mumdima, koma pa wosewera wothamanga imakusiyani m'mbuyo. Nikon D500 ya mu 2016 ili ndi timalo 153 tofika pafupi ndi m'mphepete kumanzere ndi kumanja. Pa makamera opanda kalilole, otchedwa mirrorless, timalo timadzaza pafupifupi chithunzi chonse. Sony a7 III ya mu 2018 ili nato 693. Atsopano amazindikira okha diso la munthu, mutu, mbalame kapena galimoto, n'kukakamira pomwepo. Kusiyana kwake kumaoneka osewera akapingasana: kamera yabwino imakhalabe pa yemwe munamusankha, yofooka imalumphira pa wodutsa kutsogolo kapena pa chikwangwani chakumbuyo.

Kenako buffer. Iyi ndi nkhokwe yaing'ono ya m'kati mwa kamera momwe zithunzi zimadikirira kulembedwa pa khadi. Failo imodzi ya RAW, yosunga zomwe sensa yalandira zisanakonzedwe, ya kamera ya 24 megapixel imakhala pafupifupi 25 mpaka 30MB. Zithunzi 10 pa sekondi ndiye kuti 250MB kapena kuposa, pomwe khadi la V30 limangolonjeza 30MB pa sekondi. Nkhokwe ikadzadza kamera imayamba kujejemera, ndipo chigoli chimalowa inu mukudikira. Sankhani kamera yotha kujambula RAW masekondi 4 kapena 5 osapumira. D500 imafika zithunzi 200. Khadi likhale la UHS-II la V60 kapena V90, kapena CFexpress ngati kamera imalandira. Khadi la UHS-II limadziwika ndi mizere iwiri ya timano tachitsulo kumbuyo kwake, koma liwiro lake limagwira ntchito pokhapokha polowetsera pa kamera palinso pa UHS-II.

Shata ilipo ya mitundu iwiri, ndipo apa ambiri amapusitsidwa. Ya makina ndi timakatani tenitenitu totseguka ndi kutsekeka. Yamagetsi ilibe phokoso ndipo imathamanga kwambiri, koma imawerenga sensa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi. Pa masensa wamba kuwerengako kumatenga 1/15 mpaka 1/60 ya sekondi, ndipo m'nthawi imeneyi mpira womenyedwa mwamphamvu umakhala utasuntha kale. Zotsatira zake mpira umatuluka ngati dzira, mapolo a golo amapendekeka mukamatembenuza kamera, mapiko a mbalame amapindika. Masensa otchedwa stacked amawerenga mofulumira, pafupifupi 1/160 pa Sony a9 ya mu 2017 ndi kupitirira apo pa Nikon Z8 ya mu 2023, yomwe ilibe n'komwe shata ya makina. Ngati kamera yomwe mukuifuna ilibe sensa yotere, weruzani ndi liwiro la shata ya makina. Canon EOS R6 Mark II imalembedwa 40 pa sekondi, koma pa shata ya makina ndi 12. Canon EOS R7 imalembedwa 30, pa makina ndi 15.

Kanthu kena kokhudza magetsi athu. Kuno ndi 50Hz, choncho mababu ambiri a m'maholo ndi m'mabwalo amaphethira ka 100 pa sekondi, maso osaona. Pa 1/1000, chithunzi china chimatuluka chowala, chotsatira chakuda kapena chobiriwira, ndipo pa shata yamagetsi pamaoneka mizere yopingasa. Fufuzani mawu akuti anti-flicker m'mndandanda wa zomwe kamera imachita. Canon EOS 7D Mark II ya mu 2014 ndi D500 zili nayo.

Chachinayi: zomwe zimafunika mumdima

Zina n'zosakambirana. Kamera ikhale ndi M yokulolani kusankha zonse nokha, ijambule RAW, ifike masekondi 30, ndipo ikhale ndi Bulb, yosiya shata yotsegula nthawi yomwe mukufuna, yopitirira pamenepo. Ikhalenso ndi polumikizira chingwe chojambulira osagwira kamera, kapena interval timer ya m'kati yojambula yokha zithunzi motsatizana. Nikon D750 ndi D500 zili nayo interval timer, a7 III inailandira ndi firmware, pulogalamu ya m'kati mwa kamera, ya mu 2019, pomwe 6D ilibe ndipo imafuna ya chingwe. Nikon Z6 II imalola kusankha mpaka masekondi 900 popanda chingwe.

Skirini yopendekeka ndi yofunika kuno kuposa kumaiko a kumpoto. Pakati pa mlalang'amba, chigawo chowala kwambiri chija cha ku Sagittarius ndi Scorpius, pali pa madigiri 29 kummwera. Lilongwe ali pa madigiri 14 kummwera, ndiye chigawochi chimakwera mpaka madigiri 75, pafupifupi pamutu penipeni. Kamera ikaloza kumwamba chonchi, skirini yosapendekeka imayang'ana pansi, ndipo mumagwada m'mame usiku wonse.

Autofocus wamba siona nyenyezi. Fokasi mumaipeza ndi dzanja, mutakulitsa nyenyezi imodzi yowala pa skirini ka 10 kapena kuposa, n'kumapotoza mpaka itachepetsetsa. Choncho yesani ngati skirini imaonetsa kanthu mumdima. Sony ili ndi Bright Monitoring, Nikon Z8 ili ndi Starlight View, ndipo OM System OM-1 ya mu 2022 ili ndi Starry Sky AF yomwe imapeza fokasi pa nyenyezi yokha. Pentax K-1 ili ndi Astrotracer, yomwe imasuntha sensa motsatira thambo, ngakhale autofocus yake siya masewera.

Pali misampha iwiri. Makamera ena amasefa noise m'failo ya RAW ngakhale simunawauze, n'kufufutira limodzi nyenyezi zazing'ono poganiza kuti ndi ma pixel owonongeka. Vutoli linatchuka pa makamera akale a Sony monga a7R II ndi a7S II, ndipo ojambula analitcha star eater. Pa chithunzi cha mlalang'amba ndi phiri silioneka kwenikweni, koma wofuna tinthu takutali alilabadire. Msampha wachiwiri ndi wakuti makamera ambiri akakhala pa shata yamagetsi kapena pa liwiro lapamwamba amatsitsa kuzama kwa failo ya RAW kuchoka pa 14-bit kufika pa 12-bit, zomwe zimachepetsa zobisika mumdima. Mukachoka kumpira, bwezerani kamera pa chithunzi chimodzichimodzi musanapite kunyenyezi.

Mudzamvanso za makamera opangidwira thambo, monga Canon EOS 60Da ya mu 2012, Nikon D810A ya mu 2015 ndi Canon EOS Ra ya mu 2019. Sefa yawo imalola kuwala kofiira kwa haidrojeni kwa 656nm kudutsa kochuluka, moti mitambo yofiira ya m'thambo imaoneka bwino. Kuwala komweko kumafiiritsa khungu ndi zovala masana. Kwa munthu wa kamera imodzi, asiyeni.

Chachisanu: malenzi awiri

Nambala ya f ikachepa, kuwala kolowa kumachuluka. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kawiri kuposa ya f/4, ndipo ya f/1.4 imalowetsa kanayi kuposa ya f/2.8. Lenzi ya 18-55mm yomwe imabwera ndi kamera imayambira f/3.5, ndipo ya f/2 imaiposa katatu. Kusintha lenzi kumeneku kumapindula kuposa kuchoka pa APS-C kupita pa full frame, ndipo mtengo wake ndi wochepa kutalitali.

Kutambalala nako n'kofunika chifukwa dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndipo shata ikakhalitsa nyenyezi zimasanduka timizere. Lamulo lakale limati gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi: 14mm imapereka masekondi 35, 20mm imapereka 25. Pa masensa amakono lamuloli ndi lolekerera. Gwiritsani 300, ndiye 14mm ikupatsani masekondi 21, 20mm ikupatsani 15. Pa APS-C yambani mwachulukitsa ndi 1.5 kapena 1.6: lenzi ya 12mm imakhala 18, ndipo 300 kugawa ndi 18 ndi masekondi 16.

Pa full frame, Samyang 14mm f/2.8, yomwe kwina imagulitsidwa ndi dzina la Rokinon, ndiyo yoyambira yotsika mtengo. Mtundu wake wakale ulibe autofocus, koma usiku simuifuna. Ma 20mm f/1.8 a Nikon ndi Sony ndi abwino koposa. Pa APS-C yopanda kalilole pali Samyang 12mm f/2, ndipo pa DSLR pali Tokina 11-16mm f/2.8. Chilema chofunika kusamala nacho chimatchedwa coma: nyenyezi za m'makona zimamera timapiko ngati mbalame. Malenzi ambiri a f/1.4 opangidwira nkhope za anthu ali nacho, ndipo chimachepa mukatseka pang'ono kufika f/2 kapena f/2.8.

Ya zothamanga imadalira bwalo lanu. M'holo ndi usiku, 70-200mm f/2.8 ndiyo ya ntchito. Mpira wamasana, 70-300mm pa APS-C imakwana. Mbalame ku Liwonde kapena kunyanja zimafuna 400mm kupita m'tsogolo, monga Nikon 200-500mm f/5.6, Sony 200-600mm, kapena 150-600mm ya Sigma ndi Tamron. Dziwani kuti f/6.3 dzuwa likapendeka imakukakamizani kukweza ISO mpaka 6400 kuti musunge 1/1000.

Musanakonde bodi, onani kuti malenzi ake mungawapeze. Malenzi a Canon EF amagwira bwino pa makamera a Canon opanda kalilole a R kudzera pa adapta. A Nikon F amagwira pa makamera a Z kudzera pa adapta ya FTZ, kupatula akale a AF-D omwe amataya autofocus. Sony E ili ndi malenzi ambiri a makampani ena monga Sigma, Tamron ndi Samyang. Pogawa ndalama, bodi isadye kupitirira theka.

Chachisanu ndi chimodzi: mayina oti muyambirepo

Ndalama zikakhala zochepa, DSLR yogwiritsidwapo kale ntchito ikadali ndi moyo. D500 ndi 7D Mark II zonse zimajambula 10 pa sekondi ndipo zinapangidwira masewera. Pa ziwirizi D500 ndiyo yoyera mumdima, ili ndi skirini yopendekeka, ndipo mabatani ake amayaka usiku. Nikon D750 ya mu 2014 ndi full frame ya 24 megapixel, yabwino kwambiri pa nyenyezi, ndipo 6.5 pa sekondi imakwana pa mpira kwa munthu wodziwa kuwerenga masewero.

Pakatikati ndi pomwe kamera imodzi imagwiradi ntchito zonse ziwiri: Sony a7 III, Canon EOS R6 ndi R6 Mark II, Nikon Z6 II ndi Z6 III. Zonse ndi full frame za 20 mpaka 25 megapixel. Pa kutsatira chinthu chothamanga, ma R6 ndi Z6 III ya mu 2024 ali patsogolo pa a7 III ndi Z6 II. Wa mbalame ayang'ane R7, Fujifilm X-H2S kapena OM-1. Ziwiri zomalizazi zili ndi sensa ya stacked, ndipo kuchepa kwa sensa usiku mumakubweza pojambula zithunzi zambiri n'kuziphatikiza. Sony a9 III ili ndi global shutter yowerenga sensa yonse kamodzi ndipo imafika 120 pa sekondi, koma ndi chida cha masewera, ndipo ndalama zake sizikugulirani thambo loyera kuposa la makamera apakatikatiwa.

Chachisanu ndi chiwiri: zotsala zomwe zimaiwalika pa bajeti

Tripod yolimba, yosagwedera ndi mwera. Mabatire awiri kapena atatu, chifukwa kuzizira kwa Juni ndi Julayi pa Nyika, Zomba kapena Mulanje kumawamaliza msanga. Kamera yotha kuyendera power bank kudzera pa USB-C imachotsa nkhawa imeneyi. Pa Sony, batire la NP-FZ100 limakhalitsa kuposa kawiri lakale la NP-FW50. Tochi yofiira, yosapha maso omwe azolowera mdima. Kalamba kotenthetsa lenzi ka USB, chifukwa mame akagwa galasi limachita chifunga ndipo zithunzi zonse zotsatira zimafa. Bokosi lotseka bwino lokhala ndi silica gel, chifukwa chinyezi cha dzinja chimameretsa chuku m'kati mwa lenzi. Katundu wochokera ku Britain amabwera ndi pulagi yofanana ndi ya ku Malawi, koma wa ku South Africa angafune adapta.

Tracker ingadikire. Mukadzaifuna, monga Sky-Watcher Star Adventurer kapena iOptron SkyGuider Pro, dziwani kuti malangizo ambiri amanena zolozetsa tracker pa Polaris, nyenyezi ya kumpoto yomwe kuno sioneka. Ife timalozetsa kummwera pafupi ndi Sigma Octantis, nyenyezi yozimirira yomwe ku Lilongwe ili madigiri 14 okha pamwamba pa chizimezime. Mumaipeza potalikitsa mzere wautali wa Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, kanayi ndi theka.

Chomaliza: iyeseni musanalipire

Pitani ndi khadi lanu ndi laputopu. Wogulitsa wokana kuti muyese, musiyeni.

1. Tsekani lenzi ndi chivundikiro, ikani M, RAW, ISO 3200, masekondi 30, ndipo zimitsani Long Exposure NR, yomwe imasefa noise shata ikakhalitsa. Jambulani, kenako walitsani chithunzicho kwambiri pa kompyuta. Timadontho tofiira ndi tobiriwira tapatalipatali n'tabwinobwino. Mizere yodutsa chithunzi chonse kapena kuwala kwa pepo kwakukulu m'mphepete ndi chenjezo.
2. Jambulani khoma loyera pa f/16 kapena f/22. Madontho akuda ndi fumbi, limapukutika. Mzere woongoka ungakhale kukalika kwa sensa.
3. Onani shutter count, kuchuluka kwa nthawi zomwe shata yaphethira. D750 inayesedwa kufika 150,000, D500 ndi 7D Mark II 200,000, 6D 100,000. Yomwe yayandikira malire itsike mtengo.
4. Gwirani batani pa liwiro lapamwamba mpaka kamera itayamba kujejemera. Werengani zithunzi, ndipo onani masekondi omwe ikutenga kuti imalize kulemba.
5. Pemphani munthu athamange molunjika kwa inu kuchokera mamita 30, lenzi yaitali ili yotsegula mapeto, shata pa 1/1000. Pa zithunzi 20, zosachepera 15 zikhale zakuthwa pankhope.
6. Unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi. Tinthu tonga ukonde wa kangaude ndi chuku.
7. Pa lenzi yotambalala, jambulani chinthu chakutali chili pakona iliyonse mwa zinayi, osasintha fokasi. Kona imodzi ikafooka kuposa zinzake, magalasi am'kati sanakhale bwino. Malenzi otsika mtengo amasiyanasiyana pa ichi, choncho yesani yomwe mukugulayo.

Mayeso enieni ndi usiku woyamba, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi wogulitsa kuti mutha kubweza. Sankhani masiku omwe mwezi kulibe, kutali ndi magetsi a m'tauni. Pakati pa mlalang'amba pamafika pamwamba cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mu Epulo, pakati pa usiku kumapeto kwa Juni, ndi cha m'ma 8 koloko madzulo mu Ogasiti. Meyi mpaka Julayi ndiyo miyezi ya thambo loyera, kupatula masiku a chiperoni kumapiri a kummwera. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimayamba kuphimba nyenyezi za m'munsi. Kunyanja, nyali za asodzi a usipa zimawalitsa chizimezime, ndiye ziikeni m'chithunzi mwadala kapena lozani kwina.

Ikani lenzi pa f/2.8 kapena f/2, ISO 3200, masekondi omwe munawerengera ndi 300, white balance, yoongolera mtundu wa kuwala, pa 4000K. Zimitsani choletsa kugwedera cha m'lenzi ndi cha m'bodi, ndipo ikani timer ya masekondi 2. Mukapeza fokasi, matani mphete ya lenzi ndi tepi. Jambulani chimodzi, kulitsani pa skirini, muone. Nyenyezi zikakhala timipira tofufuma, fokasi yaphonya, ndipo musadalire chizindikiro cha infinity, cha fokasi yakutali kwambiri, pa lenzi chifukwa nthawi zambiri sichilondola. Zikakhala timizere toloza mbali imodzi, chepetsani masekondi. Zikakhala zokhotakhota, tripod yagwedera. Zithunzi zikayamba bwino n'kumafooka pakapita ola, gwirani m'mbali mwa lenzi, mupeza mame. Skirini mumdima imanamiza kuti chithunzi chawala, choncho yang'anani histogram, kagalafu koonetsa kuwala kwa chithunzi: kaphiri kake kachoke kukhoma lakumanzere, kafike pafupi ndi gawo limodzi mwa anayi.

Zikakhala bwino, jambulani zithunzi 16 motsatizana osasuntha kamera, kenako zina 10 lenzi itatsekedwa, pa ISO ndi masekondi omwewo. Ziphatikizeni mu Sequator, pulogalamu yaulere ya Windows, kapena mu Siril ngati mulibe mtengo kapena phiri m'chithunzi. Zithunzi 16 zimachepetsa noise kanayi, ndipo zakuda zija zimachotsa timadontho ta ma pixel otentha. M'mawa mwake, musanapite kubwalo, chotsani tepi, bwezerani autofocus pa AF-C kapena Servo, yatsaninso choletsa kugwedera, zimitsani timer, ikani shata pa 1/1000 ndi ISO pa Auto.